Sukulu Zikatsekedwa Chifukwa cha Mliri wa Chimfine: Momwe Banja Lingasamalire Ana Popanda Kutaya Ntchito

Makolo a mumzinda wa Lilongwe akudziwa kale momwe chilengezo chotseka sukulu chimabwerera. Chimamveka pa wailesi madzulo kapena chimafala pa WhatsApp usiku, ndipo kukacha aliyense amayenera kupitabe kuntchito ngati kuti palibe chimene chasintha. Zinatero mu Malichi 2020, pamene sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa pa 23 chifukwa cha Covid-19 ndipo ana ambiri anakhala pakhomo mpaka mwezi wa Okutobala. Zinateronso mu Januwale 2021 matendawa atabweranso mwamphamvu, komanso mu Januwale 2023, pamene sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinauzidwa kuti zichedwe kutsegulidwa ndi masabata awiri chifukwa cha kolera, uthenga umene unafika teremu itangotsala pang'ono kuyamba. Mliri wa chimfine cha fuluwenza ungabweretse vuto lomweli, kaya pa sukulu imodzi kapena mumzinda wonse, ndipo malangizo awa ndi othandiza banja kukonzekera masiku otero.

Mfundo imene ikuyenera kutsogolera chilichonse ndi yakuti sukulu imatsekedwa pofuna kuti ana asasakanikirane. Choncho njira iliyonse yosamalira ana imene imawaunjikanso pamalo amodzi, kapena imene imatengera matendawo kwa anthu ofooka, ndiye kuti yalephera ngakhale makolo atakwanitsa kupita kuntchito tsiku lililonse. Chofunika ndi kagulu kakang'ono ka anthu omwewomwewo, kosasinthasintha, kokhala ndi munthu wamkulu wodziwika pa ola lililonse.

Choyamba, tsimikizani uthengawo

Musanasinthe chilichonse, funsani aphunzitsi aakulu, mphunzitsi wa kalasi ya mwana wanu kapena a komiti ya makolo ndi aphunzitsi ngati uthengawo ndi woona, chifukwa nthawi ya mliri pamayenda zikalata zabodza zambiri zokhala ndi chidindo chooneka ngati cha boma. Funsani zinthu zitatu: tsiku limene sukulu ikutsekedwa, tsiku limene akuyembekeza kutsegula, ndi ngati makalasi olemba mayeso a MANEB, monga Sitandade 8, Fomu 2 ndi Fomu 4, akutsekedwa nawo. Ngati akunena masabata awiri, inu konzekerani anayi, pakuti masiku otsekera amakonda kuwonjezeredwa. Amene ali ndi mwana ku sukulu yogonera komweko afunsenso tsiku lokamutenga ndi ngati m'chipinda chake munali odwala.

Chachiwiri, dziwani momwe matendawa amayendera

Fuluwenza imasiyana ndi chimfine wamba chifukwa imabwera mwadzidzidzi ndi kutentha thupi kwambiri, mutu, kuphwanya m'thupi, chifuwa ndi kufooka, ndipo kwa ana nthawi zina imabwera ndi kusanza kapena kutsegula m'mimba. Imafala kudzera m'timadontho totuluka potsokomola, poyetsemula ndi polankhula, komanso kudzera m'manja amene akhudza mamina kenako n'kukhudza mphuno, maso kapena pakamwa. Munthu akatenga kachilomboka, pamatha tsiku limodzi mpaka masiku 4 asanayambe kudwala, ndipo angathe kupatsira ena kutatsala tsiku limodzi kuti zizindikiro zioneke mpaka masiku 5 kapena 7 atayamba kudwala. Ana aang'ono amatha kupatsira ena kwa masiku ochulukirapo.

Tanthauzo lake pakhomo ndi lakuti mwana amene wachoka kusukulu lero akuoneka bwinobwino angakhale atatenga kale matendawo. Masiku 4 oyambirira sukulu itatsekedwa ndi masiku oyang'anitsitsa, osati otumiza mwana kwa achibale. Amene fuluwenza imawavulaza kwambiri ndi ana osakwana zaka 5, makamaka osakwana zaka 2, amayi oyembekezera, okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndi aliyense wodwala mphumu, shuga, mtima, chifuwa chachikulu kapena amene chitetezo chake cha m'thupi n'chochepa. Lembani mayina a anthu otere a m'banja lanu, chifukwa ndondomeko yonse iyenera kuwateteza iwo poyamba.

Chachitatu, khalani pansi usiku womwewo

Akuluakulu onse a pakhomo akhale pansi ndi pepala, alembe masiku a sabata, ndipo pa tsiku lililonse alembe nthawi imene aliyense amachoka ndi imene amabwera. Lembani nthawi yeniyeni, kuphatikizapo ya paulendo, chifukwa munthu wokhala ku Area 25 kapena ku Area 36 amene amaweruka 5 koloko ku City Centre safika pakhomo 5 koloko. Mukatero mudzaona kuti si tsiku lonse limene lili pa mbalambanda, koma maola ena ake. Mwina bambo amalondera usiku ndipo amakhala pakhomo masana, mwina mayi amapita kukapikula katundu ku Wakawaka mbandakucha n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu, mwina mlamu amene mumakhala naye amagwira ntchito ya mashifiti ku Kanengo. Maola otsalawo ndi amene mukuwafunira munthu.

Pa zokambiranazi bambo asakhale wongomvetsera. M'mabanja ambiri zimangochitika zokha kuti mayi ndiye atseke geni yake kapena ajombe kuntchito, popanda wina kuwerengera kuti ndalama ya tsiku ya ndani ndi imene banja lingathe kuitaya mosavuta. Nthawi zina bambo amene ali pa ntchito yolandira pamwezi ndiye angapemphe tchuthi osataya kanthu, pamene mayi wogulitsa tomato akajomba masiku atatu amataya mpamba, katundu ndi makasitomala omwe. Kusamalira mwana wa zaka 6 masana amodzi, kumuphikira phala ndi kumusambitsa m'manja si ntchito imene bambo angailephere.

Chachinayi, sankhani wosiyira ana mosamala

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino, ndipo m'pofunika kuonapo njira iliyonse payokha.

Agogo ndiwo amabwera poyamba m'maganizo, ndipo pa tchuthi wamba palibe wosamalira ana woposa iwo. Koma pa mliri wa fuluwenza, kutengera ana ongochoka m'kalasi ya anthu ochuluka kwa agogo a zaka 70 odwala kuthamanga kwa magazi kapena shuga n'kuika moyo wawo pachiswe. Ngati palibiretu njira ina, dikirani masiku 4 mwana alibe chizindikiro chilichonse, ndipo agogowo asagone chipinda chimodzi ndi anawo. Auzeni mwaulemu koma mosabisa kuti: "Agogo, sikuti tikukumanani adzukulu, koma matendawa amagwira kwambiri akuluakulu, ndiye tiyembekeze kaye masiku ochepa." Chimodzimodzinso mayi woyembekezera kapena amene ali ndi khanda asasenzetsedwe ana a anthu ena chifukwa chongoti ali pakhomo.

Kutumiza ana kumudzi, kaya ku Mitundu, ku Nsaru, ku Dowa kapena ku Dedza, kumaoneka ngati kumathetsa vuto lonse kamodzi, koma kuli ndi mtengo wake. Mwanayo amayenda m'minibasi yodzaza, angathe kutengera matendawo kudera limene chipatala chili kutali, ndipo sukulu ikatsegulidwa mwadzidzidzi pamafunikanso ndalama ya thiransipoti imene mwina simudzakhala nayo. Njira imeneyi ndi yoganizira pokhapokha kutsekako kukapitirira mwezi, mwana ali bwino, ndipo mukudziwa bwino amene akakhale naye.

Kusiyira ana aang'ono mkulu wawo ndiyo njira imene imachitika kwambiri, ndipo kawirikawiri mtolowo umagwera mtsikana. Mwana wa zaka 15 angathe kuyang'anira abale ake kwa maola awiri kapena atatu ngati chakudya chaphikidwa kale ndipo pali munthu wamkulu woyandikana naye amene wauzidwa ndi kuvomera. Mwana wa zaka 9 kapena 10 sangathe, ngakhale atakhala wanzeru chotani, chifukwa sangazindikire kuti khanda likubanika, ndipo sayenera kuyatsa mbaula ali ndi mwana kumbuyo. Ngati pakhomo pali mnyamata ndi mtsikana a misinkhu yofanana, ntchitoyo igawidwe mofanana, ndipo aliyense apatsidwe nthawi yake yowerenga.

Amene muli ndi wantchito wa pakhomo, kumbukirani kuti ntchito yake yachuluka, choncho kambiranani za malipiro owonjezera kapena muchepetse ntchito zina monga kuchapa ndi kusita. Ngati amayendera ndipo nayenso ali ndi ana amene sukulu yawo yatsekedwa, mufunseni kuti iwo akusiyidwa ndi yani. Mwina kungakhale bwino kuti azibwera nawo, banja lake likhale gawo la kagulu kanu. Akadwala, apume ndipo alipidwe, chifukwa wantchito woopa kudulidwa malipiro amabisa matenda n'kubwera nawo m'nyumba mwanu. Kukatenga kamtsikana kumudzi kuti kadzalere ana si yankho.

Chachisanu, panganani ndi mabanja awiri kapena atatu

Kwa anthu ambiri okhala m'nyumba za lendi ku Chinsapo, Mtandire, Kawale, Mchesi, Kauma kapena Area 23, njira yothandiza kwambiri ndi kusinthana masiku ndi oyandikana nawo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'malo amenewa kuthandizana kotere kulipo kale. Chimene chimasowa ndi pangano lomveka. Sankhani mabanja awiri kapena atatu okha, makamaka amene mumagwiritsa nawo kale ntchito mpopi, bafa ndi chimbudzi chimodzi, popeza ana anu amakumana kale tsiku lililonse. Banja lililonse litenge tsiku kapena theka la tsiku, kuti m'malo mojomba sabata yonse, kholo lililonse lijombe tsiku limodzi kapena awiri okha.

Panganolo likhale ndi malamulo amene aliyense wawamva ndi makutu ake. Ana asapitirire asanu kapena asanu ndi mmodzi kwa munthu wamkulu mmodzi, ndipo ngati pali makanda chiwerengerocho chitsike. Kagulu kakapangidwa kasalowemo ana ena, ngakhale a mlendo amene wabwera kudzacheza. M'mawa uliwonse kholo ligwire mwana wake pamphumi ndi pakhosi, limufunse ngati mutu kapena pakhosi pakupweteka, ndipo mwana wotentha thupi kapena amene wayamba kutsokomola asabweretsedwe tsiku limenelo. Lamulo limeneli ndi limene limavuta, chifukwa kholo limene lachedwa kuntchito limayesedwa kumwetsa mwana Panado kuti thupi lizizire n'kukamusiya osanena kanthu. Kambiranani za chiyeso chimenechi poyera pa tsiku loyamba, ndipo mugwirizane kuti amene mwana wake wadwala sadzakhala ndi ngongole ya masiku, kuti pasakhale chifukwa chobisira.

Ana azikhala panja pamthunzi nthawi yambiri, ndipo akalowa m'nyumba mawindo ndi chitseko zikhale zotsegula ngakhale kukuzizira. Pakhomo pakhale ndowa ya mpopi kapena chigubu chobowola, sopo ali pambali, ndipo ana asambe m'manja akafika, asanadye ndi akachoka kuchimbudzi, madzi akuthiridwa osati onse kusamba m'beseni limodzi. Mwana aliyense abwere ndi kapu, mbale ndi supuni yake. Pa nkhani ya chakudya, gwirizanani kuti banja lililonse lizibweretsa ufa, shuga ndi ndiwo zokwanira ana ake kapena lizisonkha ndalama yofanana pa mwana aliyense, chifukwa mapangano abwino ambiri amatha chifukwa cha kung'ung'udza kuti ana a uje amadya kwambiri. Wolandira ana akhale ndi nambala za foni za makolo onse, mayunitsi oimbira, ndi chilolezo chotengera mwana kuchipatala ngati kholo silikuyankha.

Pewani kutumiza ana ku makalasi apadera amene amabuka m'makonde ndi m'matchalitchi sukulu zikangotsekedwa. Ana makumi atatu m'kachipinda kamodzi ndi sukulu yomweyo imene boma latseka, kungoti tsopano mukulipira.

Chachisanu ndi chimodzi, lankhulani ndi abwana msanga

Musadikire kujomba kaye kenako n'kumafotokoza. Pitani tsiku loyamba muli ndi pempho lomveka lokhala ndi masiku, mwachitsanzo: "Bwana, sukulu ya ana yatsekedwa kwa masabata awiri. Takonza owayang'anira masiku ena onse kupatula Lachitatu, ndiye ndimapempha kuti Lachitatu ndizipuma, ndizidzabweza Loweruka kapena muchotse pa tchuthi changa." Pempho lotere limavomerezedwa mosavuta kusiyana ndi kungonena kuti muli ndi mavuto pakhomo.

Ndi bwino kudziwa chimene lamulo likunena. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limapatsa wogwira ntchito tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pa chaka ngati amagwira masiku 6 pa sabata, kapena masiku 15 ngati amagwira masiku 5. Limaperekanso tchuthi cha matenda kwa amene wagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza, chimene ndi masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka la malipiro pa chaka, ndipo pamafunika chikalata cha kuchipatala. Tchuthi cha matendachi n'cha pamene wadwala ndi wantchitoyo, choncho masiku osamalira mwana nthawi zambiri amachokera pa tchuthi cha pachaka kapena pa kumvana ndi abwana. Onaninso malamulo a pa ntchito panu, chifukwa makampani ena amapereka masiku a zovuta za m'banja. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa pa foni, kuti pakutha pa mwezi pasakhale kutsutsana.

Njira zina zopempha ndi kusinthana shifiti ndi mnzanu, kulowa m'mawa kwambiri n'kuweruka masana, kapena kugwirira ntchito kunyumba kwa amene ntchito yawo ndi ya pa kompyuta. Ogwirira kunyumba aganizire za kuzima kwa magetsi ndi mtengo wa bandulo, ndipo asadzinamize kuti angagwire ntchito ya maola 8 akulera mwana wa zaka 2. Ntchito yofuna kuganiza kwambiri aziigwira mbandakucha kapena ana akagona. Olemba anthu ntchito nawonso azindikire kuti wantchito amene wakakamizidwa kubwera akutsokomola angadwalitse ofesi yonse.

Amalonda, akabaza ndi aganyu alibe tchuthi cholipidwa, ndipo kwa iwo tsiku losagwira ntchito ndi tsiku losadya. Amene ali ndi benchi kumsika wa Tsoka, wa Lizulu kapena wa m'dera lawo angapangane ndi mnzawo woyandikana naye kuti wina azigulitsa katundu wa onse awiri pamene wina ali ndi ana a onse awiri, katundu atawerengedwa m'mawa ndi madzulo. Ena angachepetse katundu wowonongeka msanga n'kumagulitsira pakhomo, makasitomala okhazikika akuitanitsa pa foni ndi kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Kutenga ana kumsika kukhale njira yomalizira, ndipo kuwapatsa beseni la mandasi kapena mazira kuti azizungulira nalo m'misewu kupewedwe ndithu, chifukwa kumawaika pakati pa khamu ndiponso pamaso pa anthu a zolinga zoipa.

Chachisanu ndi chiwiri, werengerani chakudya ndi ndalama

Ana akakhala pakhomo tsiku lonse ufa, makala ndi madzi zimatha msanga, ndipo amene amadya phala kusukulu amataya chakudya chimodzi pa tsiku. Ndalama ya thiransipoti ndi yodyera kusukulu imene yapulumuka isamwazike, koma igule ufa, soya kapena nsinjiro zothira m'phala, sopo ndi Panado. Phikani m'mawa musanachoke kuti ana asakhale ndi chifukwa choyatsira moto. Mbatata yophika, chinangwa, nthochi ndi thobwa zimakhala bwino mpaka masana. Patulani ndalama yokwanira ulendo wa kuchipatala usiku, muisunge pamalo amene akuluakulu onse akudziwa, ndipo musunge nambala ya wa njinga yamoto kapena wa takisi wodalirika wa m'dera lanu. A m'banki mkhonde kapena m'chipereganyu angakambirane zofewetsa masiku obweza ngongole m'nyengo imeneyi, m'malo moti mamembala athamangire ku katapila.

Chachisanu ndi chitatu, tsekani mipata ya ngozi

Yendani m'nyumba ndi pabwalo mukuyang'ana ndi maso a mwana. Machesi, parafini, mankhwala a makoswe, mankhwala a mbewu ndi mapiritsi a akuluakulu zikhale pamwamba kapena zokhomeredwa, ndipo parafini asasungidwe m'botolo la zakumwa. Chitsime chivundikiridwe ndi chinthu cholemera, ndowa ndi migolo ya madzi zitsekedwe chifukwa mwana woyamba kuyenda angamire m'madzi ochepa. M'nyengo ya mvula ana auzidwe mosapita m'mbali kuti asapite kumtsinje wa Lilongwe, wa Lingadzi, kumadambo kapena kumaenje okumbamo dothi la njerwa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi mbaula yoyaka isalowe m'chipinda chogona chotseka, pakuti mpweya wa makala umapha mwakachetechete ndipo utsi umakulitsa chifuwa.

Pali ngozi ina imene siyenera kuchititsa manyazi kuitchula. Sukulu zitatsekedwa mu 2020, kafukufuku wa boma anapeza atsikana pafupifupi 40,000 amene anatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa chabe. Mtsikana amene watsala yekha pakhomo tsiku lonse, aliyense m'dera akudziwa nthawi imene makolo ake amachoka ndi kubwera, ali pangozi, ndipo nthawi zambiri wowopsayo si mlendo. Ana, anyamata ndi atsikana omwe, auzidwe kuti asatsegulire munthu aliyense chitseko ngakhale womudziwa, asalowe m'nyumba ya munthu wina akatumidwa, ndipo kuti akanena chinthu chimene chawachitikira sadzakalipiridwa. Muziimba foni nthawi zosiyanasiyana, ndipo ana okulirapo aloweze pamtima nambala yaulere yothandiza ana ya 116. Nyumba zoonetsa mafilimu ndi mpira, zimene zimadzaza ana sukulu zikatsekedwa, zipewedwe chifukwa cha matenda komanso chifukwa cha zimene zimaonetsedwamo.

Chachisanu ndi chinayi, mwana akadwala

Ndondomeko yanu ikhale itanena kale amene adzatsale pakhomo mwana akadwala, ndipo akhale munthu mmodzi wamkulu amene si woyembekezera, wokalamba kapena wodwaladwala. Mwanayo achoke m'kagulu, ndipo makolo ena auzidwe tsiku lomwelo kuti ayang'anitsitse ana awo. M'nyumba ya chipinda chimodzi kapena ziwiri n'zosatheka kumupatula kotheratu, koma n'zotheka kumuyalira payekha pafupi ndi windo, kumupatsa kapu ndi kansalu kake kominira, ndi kuika khanda kutali naye. Womusamalira avale masiki ndipo azisamba m'manja kawirikawiri.

Kuno kwathu kutentha thupi kulikonse kuyenera kuyezedwa malungo, chifukwa malungo ndi fuluwenza zimayamba mofanana ndipo palibe kholo lingasiyanitse ndi maso. Pitani kuchipatala cha pafupi, monga cha ku Area 25, Area 18, Kawale kapena Bwaila, pasanathe maola 24, mutatenga buku la mwana la kuchipatala, ndipo musamupatse LA wotsala kwa munthu wina asanayezedwe. Ngati malungo sanapezeke ndipo adokotala anena kuti n'chimfine, chithandizo chachikulu ndi kupuma, kumwa zamadzimadzi pafupipafupi, kupitiriza kuyamwa ndi kudya pang'onopang'ono. Panado aperekedwe molingana ndi kulemera kwa mwana monga momwe achipatala anenera, osapitirira kanayi pa maola 24, ndipo onetsetsani kuti mankhwala ena a chimfine amene mwagula alibe kale Panado m'kati mwake. Asipirini asaperekedwe kwa mwana wodwala fuluwenza chifukwa angawononge chiwindi ndi ubongo. Amoxicillin ndi Bactrim ogula pa okala sapha kachilombo ka fuluwenza, ndipo amamwedwa pokhapokha achipatala akalemba. Madzi ofunda a mandimu ndi uchi amafewetsa pakhosi kwa ana okulirapo, koma uchi usaperekedwe kwa mwana wosakwana chaka, ndipo kufunditsa mwana bulangeti pamwamba pa poto wa madzi owira a masamba a bulugama kupewedwe, chifukwa ana amapsa koopsa potowo ukagubuduka.

Chimene chimapha ana ambiri pambuyo pa chimfine ndi chibayo, choncho aliyense wosiyidwa ndi ana aphunzire kuwerenga kapumidwe. Dikirani mwana akhale chete kapena agone, kwezani malaya ake, yang'anani pamimba, ndipo muwerenge kukwera kulikonse kwa mphindi imodzi yathunthu mukuyang'ana wotchi ya pa foni. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akamapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti akupuma mothamanga ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti kuche ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya, ngati akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, wafooka moti sakudzuka bwino, milomo yasintha mtundu, kapena ngati anayamba kupeza bwino kenako kutentha thupi n'kubwereranso ndi chifuwa champhamvu. Khanda losakwana miyezi 3 likatentha thupi lipite kuchipatala nthawi yomweyo. Odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, ndipo amene akufuna uphungu ali pakhomo angaimbe kwaulere ku Chipatala Cha Pa Foni pa 54747 ndi nambala ya Airtel kapena kufunsa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo.

Kholo likadwala lokha lisapite kuntchito, ndipo tsiku lake lolandira ana a m'kagulu litengedwe ndi banja lina.

Chakhumi, maphunziro ndi kubwerera kusukulu

Pa kutseka kwa masabata ochepa palibe chifukwa chosandutsa nyumba kukhala sukulu. Ola limodzi kapena awiri m'mawa, pa nthawi yofanana tsiku lililonse, n'lokwanira kwa ana a ku pulayimale: awerenge mokweza, abwereze masamu a m'makope awo, ndipo wamkulu afunse wamng'ono mafunso. Mu 2020 maphunziro ena ankaulutsidwa pa wailesi ya MBC, choncho tcherani khutu ngati unduna wa zamaphunziro walengezanso zotere. Olemba mayeso apatsidwe maola ochulukirapo ndi mapepala a mayeso a zaka zapitazo, ndipo asakhale iwo olera ana tsiku lonse.

Tsiku lotsegulira likalengezedwa, mwana amene anadwala abwerere pokhapokha atatha maola 24 thupi lisakutentha popanda kumwa Panado ndipo mphamvu zabwerera. Mupatseni kansalu kake, botolo lake la madzi, ndipo mukumbutseni kutsokomolera m'chigongono. Pa msonkhano wa makolo funsani ngati pa sukulupo pali madzi ndi sopo, ngati mawindo a m'makalasi amatseguka, ndi zimene aphunzitsi amachita mwana akadwala m'kalasi. Yang'aniraninso ana a m'dera lanu amene sanabwerere, makamaka atsikana ndi anyamata amene anayamba maganyu, ndipo mudziwitse aphunzitsi aakulu kapena amayi a gulu loona za atsikana pa sukulupo m'sabata yoyamba yomweyo. Pepala la masiku, nambala za foni ndi pangano la mabanja aja zisungidwe pamodzi ndi mabuku a kuchipatala, ndipo teremu iliyonse ikamayamba muzionanso ngati nambalazo zikugwirabe ntchito ndi ngati mabanja amene munapangana nawo sanasamuke.